Mwala Wokwechera Mapazi wa Agogo

Agogo anga aakazi ndikawakumbukira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la sopo wochapira ndi udzu wonyowa wa bafa lathu la ku Nkhulambe, m'makutu mukulira kwe kwe kwe wa mwala umene ankakwechera zidendene akabwera kothyola nandolo. Ankanyadira mapazi awo agogo aja, ndipo anzawo a ming'alu kuphazi ankawaseka poyera. Mwalawo unali wakuda, wamizeremizere, wokwana m'dzanja. Agogo aamuna anautola akukumba msewu ku Kepi, kunja kwa dziko lino, n'kuwabweretsera, ndipo chimwalirireni iwo panalibe wololedwa kuugwira.

Tsiku lina Mayi Gondwe, aphunzitsi a sayansi amene ankachita lendi pafupi nafe, anabwera kudzapala moto n'kuuona uli padzuwa. Za motozo anaziiwala. Anagwada pansi, nandiitana kuti ndidzaone mutu wonga chishango, thupi logawika patatu m'litali mwake, ndi kadiso kamodzi kodzaza timadontho ngati chisa cha njuchi. Anati ndi tirailobaiti, kachilombo kamene kanasanduka mwala. Kankakwawa pansi pa nyanja yamchere ndi timiyendo tambirimbiri phiri la Mulanje lisanakhaleko, kankafundula chigoba kakamakula, ndipo kakaopsezedwa kankadzipinda ngati bongololo. Ndinalephera kukhazikika ndi chimwemwe. Ine nyanja ndinali ndisanaionepo, koma nyama yake inkagona kubafa kwathu!

Diso linalo agogo anali atalimaliza kale ndi chidendene. Aphunzitsiwo anachonderera kuti lotsalalo alileke, chifukwa likafufutika silidzabweranso. Agogo anakanitsitsa, amvekere amuna awo sanawabweretsere chokongoletsera pashelefu. Kenako anauyandikitsa kumaso, nauyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali.

"Inu aphunzitsi, ndiye kuti zaka zonsezi kakhala kakundiona ndikusamba?"

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma kuyambira tsikulo mwala uja sunalowenso kubafa. Anaukulunga m'duku lakale n'kuuika m'sutikesi. Kwa anthu ankati ndi manyazi chabe, ngakhale ine ndinkawapeza ataumasula, akusisita kadisoko mofatsa ndi chala. Anayesa chikonyo, anayesa njerwa, zonse anati sizikwecha ngati mwala uja. Chilimwe chitafika zidendene zinang'ambika, ndipo amayi amene ankasekedwa aja anabweza moto kuchitsime.

Mwalawo uli ndi ine lero, diso lake likadalipo. Ana anga amalimbirana kuwerenga timadontho take, ndipo ndikawaona ndimasangalala, komanso pamtima pamandiwawa. Agogo tinawaika m'manda ndi ming'alu kuphazi, ndipo sanaidandaule n'kamodzi komwe.