Uthenga Womaliza wa Mayi Askale

Kwathu ku Debre Berhan, munthu akamwalira kutali, abale ake sauzidwa pafoni ngati kuti ndi mtengo wa anyezi. Amatumidwa munthu wamtima wolimba, m'mamawa, anansi atasonkhana kale panja. Kudera kwathu ntchitoyi inali ya Mayi Askale, ogulitsa mkate wa injera pamsika. Ankalowa, n'kumukhazika pansi woferedwayo, n'kunena mosapita m'mbali. Anthu olankhula mozungulirazungulira ankawanyansa. Ankati kuteroko n'kupha nkhuku ndi mpeni wobuntha.

Chotupa chitawatuluka m'bere Mayi Askale, mwana wawo mmodzi yekhayo, Endale, woyendetsa minibasi, ankapita nawo ku Addis Ababa kukalandira mankhwala a m'diripi. Tsitsi linathothoka, chotupa chinaphwa pang'ono, kenako chinayambiranso. Adokotala anawagoneka m'makina ojambula m'thupi, koma chithunzicho anaonetsa Endale yekha, poti kwathu wodwala sauzidwa zoswa mtima. Chotupa chija chinali chitaphunzira kulavula mankhwala asanagwire ntchito. Panali mankhwala ena oti achiletse kulavulako, ndipo chithunzi chachiwiri n'chimene chikanaonetsa ngati athandiza.

Endale anawafotokozera mopepuza. Iwo anaseka, n'kunena kuti chotupa chamakani chatengera mwini wake. Koma moyo ankaufuna, ndipo sankabisa. Mankhwala atsopanowo ankawasanzitsa, koma sanajombe ngakhale kamodzi.

Tsiku la chithunzi chachiwiri Endale anatuluka mwa adokotala akumwetulira ndi mano okha. Anati zonse zili bwino, n'kuwagulira malalanje ambirimbiri. Kuyambira pamenepo ankachedwa kupita kuntchito. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la kuchipinda, n'kutsegula pakamwa, n'kungofunsa ngati agona bwino. Anaonda kuposa wodwala. Mayi Askale anaona zonse, ndipo zinawapweteka kwambiri. Imfa ankaiopa ndithu, koma chinawadya mtima ndi mwana wawo, atasenza katundu wosadziwa pomutula.

M'mawa wina anakazinga khofi, n'kumuitana.

"Khala apa, mwana wanga. Bweretsa dzanja."

"Amayi, minibasi ikundidikira."

"Idikire. Iwe kunama sudziwa, unatengera bambo ako. Tamvera. Mankhwala aja akanika. Amayi ako sachira."

Endale anayamba kunena kuti adokotala anati mwina, koma iwo anamudula.

"Usandivutitse ndi mwina. Lira lero ndikadali pano, ndikutonthoze ndekha. Tsiku lenilenilo sindidzatha."

Endale anagwa pamiyendo pawo, bambo wandevu zake, n'kulira mpaka mawu anatulukira panja. Anansi anasiya zophika pamoto n'kuthamanga, ena atayamba kale kubuma maliro. Anapeza Mayi Askale ali moyo, akumusisita mwana wawo kumutu, misozi yawo ikugwera m'tsitsi lake.