Mapadi Ofiira ndi Nsalu Yoyera

Ntchito ya umakaniko sindinachite kufunsira. Ndinkagulitsa zitumbuwa pageti la galaja ina ku Balaka, nditachoka kwathu ku Utale sukulu itandikana. Amayi ankati ndine mwana wolota masana, ndipo sankanama. Ndinkatha kukhala beseni lili pamiyendo, maso ali kumapiri, makutu akulondola galimoto mpaka phokoso lake litazimirira. Tsiku lina ndinauza mwini galaja, Che Saidi, kuti lole ya chimanga imene inkafika pagalajapo kawirikawiri ikubwera, koma lero ikulira mwachilendo. Inali isanaoneke n'komwe. Itatulukira pakona, iwo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwali, makutu amenewa mukuwaonongera pa zitumbuwa. Mawa mubwere mutavala nsapato zotseka."

Miyezi yoyamba ndinkangomasula manati ndi wilosipana, kukweza jeki, ndi kuika chitsa pansi pa galimoto munthu asanalowetse mutu. Chimene ndinkakonda chinali kupita kokamvetsera. Che Saidi ankayendetsa pang'onopang'ono mumsewu wafumbi wolowera ku Rivirivi, mawindo onse otsitsa, wailesi yozimitsa, ine nditatsinzina. Mphepo inkabwera ndi fungo la minda yotenthedwa, ndipo nthawi zina ndinkaiwala chimene tabwerera mpaka iwo ataponda buleki n'kufunsa kuti, "Yati chiyani?"

Kumeneko ndinaphunzira kuti kamwala kakalowa kuseri kwa disiki ya buleki kamalira ngakhale usanaponde buleki. Padi yofinya disikiyo ikatha mpaka chitsulo kukhudzana ndi chitsulo, phokoso lake limakhala lokukuta, ndipo umalimva mpaka kuphazi. Panalinso mapadi ofiira, olimba, a galimoto zothamanga, amene anyamata obwera ku Joni amakonda kuika. Amenewa amaimba mluzu akazizira m'mawa, koma akatentha amakhala chete. Ine ndinkawakonda mapadi amenewo, sindibisa. Ndikawagwira ndinkaona misewu yotakata ya kumene anachokera, yomwe sindinaipondepo.

Lachisanu lina masana Che Saidi anapita kumzikiti, n'kundisiyira galaja monga mwa masiku onse. Dzuwa la Balaka linali litakwiya. Panalowa galimoto yasiliva ya nambala za ku Joni, m'matayala mukuonekera mapadi ofiira. Woyendetsa anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, maso otupa. Kumbuyo kunali mkazi wake ndi khanda, ndipo pambali pawo panali nsalu yoyera yopindidwa bwino.

"Achemwali, mabuleki akulira. Tangoonani msanga. Bambo anga amwalira ku Kawinga, akuika lero lomwe, ndipo nsalu yowakulungira ndi iyi."

Ndinadziwa kuti kwa anzathu achisilamu maliro sagona, ndipo ndinamumvera chisoni. Ndinasuzumira m'mipata ya rimu ya tayala, ndinaona padi yakunja ili yonenepa, ndinalowetsa chala n'kukhudza fumbi lake. Jeki inali pomwepo, koma sindinaigwire. Ndinamuuza monyadira nzeru zanga kuti mapadi amtunduwu amalira choncho, apite asachedwe. Anathokoza n'kunyamuka.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu, maganizo ali ku Joni. Ndikutembenuza dzanja padzuwa, chala chija chinanyezimira. Kwa kanthawi ndinangochiyang'ana, chifukwa chinkakongola. Kenako ndinakumbukira. Fumbi la padi limakhala lakuda bii, silinyezimira. Chonyezimira ndi chitsulo chopalidwa. Ndiponso galimoto ija inali itayenda ulendo wautali, mabuleki ali otentha. Mapadi amene ndinawanamizira aja akanakhala ali chete.

Pakati pa Liwonde ndi Ntaja pali mapiri okhotakhota. Ndinaona khanda lija m'maso mwanga.

Ndinatola jeki, wilosipana, masipanala, girizi ndi bokosi la mapadi wamba okwana galimoto yamtunduwo, n'kudumphira pa kabaza wanjinga yamoto. Chimene chinandithandiza ndi sitima ya malasha. Inali ikudutsa pamsewu ndi mabogi ake osatha aja, ndipo galimoto yasiliva inali itaima pamzere. Ndinagogoda pawindo ndikupuma wefuwefu.

"Achimwene, ndinakunamizani. Sindinamasule tayala. Musapitirire."

"Iyayi, achemwali! Mwanena nokha kuti zili bwino. Anthu akudikira ine kumeneko!"

"Akudikira munthu wamoyo, achimwene."

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Mkazi wake anatsegula chitseko n'kutuluka ndi mwana, n'kukakhala pamthunzi. Bamboyo anamenya chiwongolero, kenako anapatutsira galimoto pambali.

Nditachotsa tayala lakumanzere kutsogolo n'kumasula kalipa, chitsulo chimene mapadi amakhalamo, padi yamkati inagwera m'manja mwanga ili chitsulo chokhachokha, chotentha. Kapini kamene kalipa imayendapo kanali katagwira ndi fumbi ndi dzimbiri, ndiye padi imodzi yokha ndi imene inkagwira ntchito ya mapadi awiri. Ndinakagogoda kapiniko mpaka kanatuluka, ndinakapala ndi sandipepa, n'kupaka girizi. Ndinabweza pisitoni yokankha mapadi, ndinaika mapadi atsopano mbali zonse ziwiri, n'kupopa buleki mpaka inalimba. Disiki inali ndi mikwingwirima, ndipo ndinamuuza bamboyo kuti aisinthe akabwerera, atsike mapiri ndi giya. Nati imodzi inagwera m'mchenga, ndipo tinaifunafuna tonse awiri titagwada. Zimene zikanatha msanga pagalaja zinadya nthawi yaitali m'mbali mwa msewu. Ananyamuka osandiyang'ana.

Che Saidi atamva zonse sanakalipe. Anangotenga padi yakuthayo n'kuikhomera pakhoma pamwamba pa jeki. "Makutu amakuuzani tayala loti mumasule, mwali. Samasula okha."

Patapita sabata, galimoto yasiliva inalowanso kudzasintha disiki. Ndinafuna kubisala kuseri kwa matayala akale, koma bamboyo anandiitana. Ndinafunsa ngati anafika pa nthawi yake. Anati iyayi. Anthu anadikira mpaka anatopa, anapeza nsalu ina, ndipo iye anawapeza ali kale kumanda. Nkhope ya bambo ake sanaione. Anangothira dothi katatu ndi manja ake.

Ndinalira pamaso pake, osachita manyazi. Nthawi imene inamusowa ija ndi imene ine ndinaitaya nditakhala pansi pa nimu, ndikulota misewu ya eni ake.

Iye anatsegula buti. Nsalu yoyera ija inali momwemo, yopindidwa monga tsiku lija.

"Ndaisunga, achemwali," anatero. "Ndikamatsika mapiri aja ndinkangoganiza kuti ikanatha kukulunga ine, kapena mwana uja."

Panopa ndili ndi galaja yangayanga, ndipo kulota masana sindinasiye. Ndimatsinzinabe ndikamamvetsera galimoto. Koma munthu akafika akuti akufulumira, ngakhale misozi ili m'maso, ndimayamba ndagwira jeki ndisanamuyankhe.