Tambala wa Amake Collins

Pachipata cha sukulu yathu ku Buchi pali mtengo wa mango, ndipo pansi pake pamakhala mayi wogulitsa vitumbuwa. Dzina lawo ndi Emelda Miti, koma silimveka kawirikawiri. Ife ochokera kum'mawa timati amake Collins, anansi awo olankhula Chibemba amati Bana Collins. Ine ndinawapeza pamtengopo pamene ndinkayamba kuphunzitsa. Lero mutu wanga wayamba imvi, iwo akadali pomwepo, ndi beseni lawo lobiriwira ndi kampando kamene anawakhomera amuna awo, a Laston.

Amake Collins anabadwira kufupi ndi Katete. Sukulu anailekera mu giredi yachitatu, chifukwa bambo awo anafuna kuti azilera ang'ono awo. Mphunzitsi wawo anapalasa njinga mpaka kunyumba kudzawapempha kuti mwana abwerere, koma bambowo anakana. Ngakhale zinali choncho, mayi awo anathamangitsa nkhuku, naigwira, nagwada nayo pamaso pa mphunzitsiyo. Iye anailandira ndi manja awiri, naiyang'ana, naibweza kuti ikaphikidwe, monga amachitira mlendo wolemekezeka kwathu. Anadya, kenako anakwera njinga yake.

"Kusukulu sanandibweze, koma kwathu anadya," amatero amake Collins. "Amayi anati munthu amene wavutikira mwana wako sumuthokoza ndi pakamwa pokha. Alowe m'nyumba, aone ndiwo zake zikupuma, adye."

Atakwatiwa anabwera ku Kitwe, kumene a Laston ankagwira ntchito mumgodi. Ntchitoyo itatha, a Laston anayamba kukonza njinga ndi mipando, ndipo beseni la vitumbuwa linasanduka mzati wa nyumba. Anabereka ana anayi, ndipo mwana aliyense anali ndi tambala wake, woleredwa kuseri kwa nyumba ndi gaga ndi nyenyeswa za vitumbuwa. Tambalayo sanali wa mwanayo ayi. Anali wa mphunzitsi mmodzi amene amake Collins ankamusankha okha, atakhala pachipata paja ndi kuona zonse. Wa Collins anadya a Anock, amene ankamusaka kumsika akathawa masamu. Wa Henry anadya mphunzitsi wina amene anamuzindikira kuti saona bwino pabolodi. Wa Hellen ndinadya ine, ndipo mpaka pano sindidziwa bwino chimene ndinachita.

Wotsiriza ndi Purity, mwana wa kuukalamba. Purity anafika giredi yachinayi asakudziwa kuwerenga. Ankakhala kumbuyo, wachete, waukhondo, ndipo m'kalasi lodzaza ngati lathu mwana wotere amatha chaka osaonedwa. Amene anamuona ndi Madamu Wendy Chileshe, mtsikana wobadwira m'tauni momwemu, amene ankakhala ndi azakhali ake ku Garneton. Nthawi yopuma Wendy ankagula vitumbuwa viwiri, n'kukhala ndi Purity pamuzu wa mango uja. Buku lawo linali pepala la nyuzipepala lokulungira vitumbuwalo. Ankaliwongola pabondo, lamafutamafuta, n'kumasaka mawu amodziamodzi: lero ili, mawa ilo.

Chaka chisanathe Purity anali kuwerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: matumba a ufa, zikwangwani za maminibasi, mapaketi a sopo. Amake ankadandaula monyadira kuti malonda akuchedwa, chifukwa mwanayo akamathandiza kukulunga amayamba wawerenga pepala lonse kasitomala ataimirira. Tsiku limene Purity anawerenga mawu a Mulungu pa Misa ya ana, a Laston anavala jekete lawo la ukwati.

Tambala wa Purity ankayembekezera kuti mwanayo amalize giredi seveni. Koma mwezi wa Okutobala usanafike tinamva kuti Wendy akukwatiwa ku Ndola, ndipo amusamutsira kusukulu ina ya komweko, ku Chifubu. Ananena kuti aguba nafe pa Tsiku la Aphunzitsi, kenako Lamlungu lotsatira anyamuka. Amake Collins atamva anasiya beseni m'manja mwa mnzawo, nabwera pakhomo la kalasi langa.

"Madamu Juliana, mtsikana uyu asachoke asanadye kwanga. Muuzeni Loweruka. Nanunso mubwere, chifukwa Chinyanja chake n'chochepa, ndipo Chibemba changa n'cha pamsika."

Ndinavomera. Koma Loweruka lija minibasi yochokera ku Chimwemwe, kumene ndimakhala, inafera panjira, ndipo ndinachedwa. Zimene zinachitika ine kulibe anandifotokozera eni ake pambuyo pake, a Laston akupukuta misozi ya kuseka.

Wendy anafika nthawi yabwino, atavala chitenje chathu cha Tsiku la Aphunzitsi. Anamukhazika pampando wabwino, namupatsa munkoyo wozizira, thobwa la kuno. Kuseri madzi anali kale pambaula, a Laston akunola mpeni pamwala. Kenako amake Collins analowa ndi tambala wofiira, wamkulu, miyendo yomangidwa ndi kansalu. Anagwada, namuika m'manja mwa mlendo.

"Aphunzitsi, ndiwo zanu izi."

Wendy anagwetsa misozi. "Natotela sana, mayo," anatero, akuthokoza m'chinenero chake, namukumbatira tambalayo pachifuwa. Amake Collins anakhalabe chogwada, manja ali chitambasulire, kuyembekeza kuti tambala abwerere. Wendy ataona manja awo otambasula anaganiza kuti akufuna moni, nawagwira chanza mwaulemu wonse. Iye anakulira m'tauni, kumene mphatso imaperekedwa mlendo akamatsanzika, ndipo amapita nayo kwawo. Choncho anamaliza munkoyo wake, nampsompsona Purity pamphumi, nanyamuka ndi tambala kukhwapa.

Kodi munthu amauza bwanji mlendo kuti bwezani chimene ndakupatsani? Amake Collins sanathe. Anamuperekeza mpaka pamsewu monga mwa ulemu, nabwerera, nakhala pakhomo. A Laston anatulukira ndi mpeni wawo n'kufunsa kuti nanga tambala ali kuti.

"Wapita ndi aphunzitsi."

"Wamoyo?"

"Wamoyo. Mwina nyumba yathu sanaikonde, atate ake Collins. Mwina anaona mbale zathu."

Pa nthawi imeneyo n'kuti ine ndikutsika pamalo okwerera mabasi ku Buchi, thukuta lili kamukamu. Pafupi panaima minibasi yopita m'tauni, ikudikira kudzaza. Pawindo lake panatulukira mutu wofiira wa tambala, ndipo tambalayo ndinamudziwa, popeza ndinali nditamuona akukula. Kumbuyo kwa mutuwo kunali Wendy, akumwetulira, kondakitala akumuseka kuti mnzakeyo nayenso alipire mpando.

"Wendy, wadya?" ndinafunsa.

"Ndamwa munkoyo, Madamu. Taonani zimene andipatsa. Ndikamuweta ku Chifubu."

"Tsika, mwana wanga."

"Basi yatsala ndi munthu mmodzi kuti inyamuke."

"Tsika. Wanyamula ndiwo za anthu."

Ndinamufotokozera pawindo pomwepo, anthu onse a m'basi akutchera khutu. Ndinamuuza kuti kwathu nkhuku yamoyo imaonetsedwa kwa mlendo kuti adziwe kuti yaphedwera iye, si yotsala dzulo. Mlendo amaigwira, n'kuthokoza, n'kuibweza. Wendy anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Ndiye manja aja anatambasula aja... Ine ndinawapatsa moni."

Mayi wina wa kumpando wakumbuyo anaseka mpaka kutsokomola. Wendy anagwetsa nkhope.

"Madamu, sindingabwerereko. Ndikawayang'ana bwanji? Mutengeni inu, mukawapepesere."

"Tambala si amene akufunika, Wendy. Akufuna iwe. Ukapita chonchi, mayi aja akhala akuganiza mpaka kalekale kuti unanyansidwa ndi nyumba yawo. Ndipo mawa uli ku Ndola."

Munthu womaliza uja anafika ndi thumba la makala, dalaivala naliza hutala. Wendy anakhala kanthawi akuyang'ana tambala. Kenako anapempha njira, nadutsa pamaondo a anthu, natsika. Kondakitala anatsanzikana ndi tambalayo mwa Chibemba, namuuza kuti akanakhala wanzeru akanakakamira m'basi, bwenzi ataona dzuwa la mawa.

Panjira ndinamuphunzitsa mawu oti akanene, iye nkumabwereza ngati mwana wa giredi yoyamba. Titafika tinapeza mphika wa madzi atauphula, amake Collins atakhala pakhomo, Purity atawatsamira. Wendy sanadikire kuti ndiyambe ine. Anagwada pafumbi ndi chitenje chake chatsopano, natambasula manja awiri.

"Amayi, ndiwo ndaziona. Zikomo kwambiri. Ndine mwana, sindinadziwe."

Amake Collins anamuyang'ana, nayang'ana ine, nayang'ananso tambala. Anamulandira, namuyeza kulemera m'manja monga amachitira pamsika.

"Waonda ndi ulendo," anatero. Kenako kuseka kunawagonjetsa, mpaka anagwira chitseko.

A Laston anatulukira kuseri, mpeni uli m'manja. "Musawaseke aphunzitsi, amake Collins. Mphunzitsi wabwino sachonga asanaonetsetse. Anzawo aja ankangoyang'ana pang'ono n'kubweza. Awa anapita naye kukamuona bwino padzuwa."

"Anafika naye mpaka m'basi," ndinatero.

"Ndiye afa ataona dziko. Ine ndinakwera basi koyamba ndili ndi ndevu."

Madzi anabwerera pamoto. Wendy anafuna kuthandiza kusosola, koma anamukaniza, namubwezera pampando wake uja. Purity anakhala pambali pake n'kumuwerengera kalendala ya kutchalitchi yopachikidwa pakhoma, mayina a oyera onse a mwezi umenewo, ngakhale ovuta.

Chakudya chitafika tinapemphera, tinasamba m'manja, ndipo amake Collins analankhula ali chogwada pafupi ndi tebulo. Sanachulukitse mawu.

"Aphunzitsi, ine mapepala aja ndakulungira vitumbuwa zaka zonsezi osadziwa kuti akunena chiyani. Tsopano mwana uyu amandiuza. Zina n'zabodza, zina n'zoseketsa, koma ndimamva. Idyani."

A Laston anafufuza m'mbale ndi supuni, napeza nthutumba. Kwathu chiwalo chimenechi ndi cha mwini nyumba, ndipo mkazi akachisowetsa pamakhala mafunso. Anachinyamula mosamala, nachiika m'mbale ya Wendy.

"M'nyumba muno nthutumba imandidutsa pokhapokha kukabwera aphunzitsi," anatero. "Lero yandidutsa komaliza."

Wendy anayang'ana nthutumbayo, nandiyang'ana ine, nafunsa motsitsa mawu: "Madamu, iyinso ndiigwire n'kubweza?"

"Iyo mukabweza ndilandira," anatero a Laston msangamsanga.

"Idyani, aphunzitsi, musawamvere," anatero amake Collins, akuwamenya amuna awo paphewa ndi nsalu ya mbale.

Wendy anadya nthutumba, anadya ntchafu, anawonjezera msuzi. Amake Collins sanadye kwenikweni. Anakhala akuyang'ana dzanja la mlendo wawo likupita m'mbale ndi kubwera, nkhope yawo ili phee ngati munthu amene watula katundu pamutu. Dzuwa litapendeka tinamuperekeza tonse kukakwera basi, ulendo uno atanyamula vitumbuwa vokulungidwa m'nyuzipepala, vimene anauzidwa momveka bwino kuti n'vopita navo.

Lolemba m'mawa ndinawapeza amake Collins pansi pa mango, beseni lili pamalo pake. Pambali pa kampando panali katoni yobowolabowola, ndipo m'kati mwake munkalira kamwanapiye.

"Nanga aka?" ndinafunsa. "Ndimayesa a Laston anati zatha."

"Iwo amatero. Mwana wa Collins walowa giredi yoyamba chaka chino, ndipo ndaona kale amene amamupukuta mamina." Anandipatsa chitumbuwa chotentha. "Koma tsiku limenelo, Madamu Juliana, mudzanyamuke m'mawa ku Chimwemwe."