Chaka Chomwe Ababa Anachapa Sefa ya Pepala

Fungo la palafini wosakanikirana ndi oilo wakuda limandibwezabe ku Chikweo, pansi pa mtengo wa mango pomwe pankagona galimoto ya ababa. Inali pikapu yakalekale, yondiposa zaka kutalitali, yomwe anagula kwa mmwenye wina wa ku Balaka atatopa nayo. Ine kuwerenga ndinaphunzirira pa nambala yake ndi pa zitini za oilo, moti Chingerezi changa choyamba chinali chosathandiza pa ukwati ngakhale pa maliro.

Pamwamba pa injini pankakhala chibakuli chachitsulo, pansi pake oilo, mkati mwake mawaya opiringizika. Imeneyo ndiyo inali sefa ya mpweya. Fumbi likalowa linkamira mu oilomo, injini n'kumapuma bwino. Loweruka lililonse ababa ankaitsuka ndi palafini n'kuthiramo oilo wina, akuimba chamumtima.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanabereke, ndipo ya dzinja lotsatira inkangozengereza. Mitondo inasiya kulira m'mawa. Nkhuku zinatha, agalu anasiya kuuwa, ndipo kunyumba tinkadya mango osapsa, owiritsa, oyabwa pakhosi. Mlongo wanga wamng'ono, Patuma, anayamba kutupa mapazi. Ndikamudina ndi chala, kadzenje kankatsala pomwepo, ine n'kumaona ngati masewera mpaka amayi atandimenya dzanja.

Oilo naye anasowa, pomwe injini yokalambayo inkamwa wambiri. Ndi pamene atsibweni anga, omwe ankagwira ntchito pa galaja ku Liwonde, anabwera ndi sefa yamakono ya pepala, yoyera, yopindikapindika ngati siketi ya mwana wasukulu. Anaiika pamphasa pambali pa chibakuli chija.

"Alamu, iyi sifuna oilo. Mungoika basi," anatero atsibweni.

"Nanga ikada?"

"Mumagula ina."

Ababa anaseka pang'ono. "Chinthu chosachapika, pakhomo panga pano?"

Sefa ziwirizo zinakhala pakhonde masiku angapo, ababa akuzidutsa ngati alendo osawafuna. Potsiriza anasankha ya pepala, kuti kaoilo kotsalako kapite mu injini. Chibakuli chija amayi anachikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka mbee, ndipo atafika bambo wina wa panjinga wosinthanitsa madeya ndi ziwiya, chinapita pamodzi ndi mbale zathu.

Fumbi la chaka chimenecho linali losaoneka n'kale. Linkalowa m'mano, m'nsidze, m'madzi akumwa. Sipanapite nthawi, galimoto inayamba kubanika pa zitunda ngati munthu wa mphumu. Ndipo ndi masiku omwewo pomwe kunamveka kuti ku Balaka kwafika chimanga, koma chikutha msanga. Anthu a nyumba zoyandikana nafe anabweretsa matumba opanda kanthu, osanena zambiri, n'kuwasanjika kumbuyo kwa pikapu. Ababa ananditenga kuti ndizikalondera matumbawo.

Tinafika pa Liwonde galimoto ikukwawa, kenaka inazima pafupi ndi mlatho. Ababa atatsegula boneti, sefa ija inali yofiira, yolemera ngati njerwa. Anaiguguda pa tayala, osathandiza. Anayang'ana cha ku galaja ya atsibweni, komwe sefa ina ikanadya ndalama za chimanga, nayang'ananso matumba aja, kenaka anatsetserekera ku Shire. Kumeneko, pakati pa amayi ochapa zovala, anaichapa ndi kachidutswa ka sopo monga ankatsukira yakale ija ndi palafini, madzi ofiira akuyenderera m'zigongono.

Itauma pa boneti yotentha, anaikweza kuloza kudzuwa n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaona timadontho ta kuwala tikuphethira m'mipindiro yake, ndipo ndinanyadira kuti yayera.

"Yatheka, ababa?"

"Kwera," anatero.

Injini inalira mwamphamvu kuposa masiku onse. Ku Balaka tinaima pamzere wa anthu osayankhulana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chimanga tinachipeza, ngakhale matumba ena anabwerera opanda kanthu. Pobwerera, titasiya tala, ababa ankayenda pang'onopang'ono, akupatukira pambali lole iliyonse ikadutsa kuti fumbi lake liyambe lakhazikika. Sanaimbe njira yonse.

Anapitanso maulendo ena angapo, kukatengera chimanga anthu omwe matumba awo anabwerera opanda kanthu. Ulendo uliwonse utsi wa kumbuyo unkachuluka, wobiriwira ngati wa nkhuni zaziwisi, ndipo mu injini munayamba kugogoda. Mvula yoyamba inapeza galimotoyo itazima pansi pa mango paja. Sinalirenso. Patuma ndiye ankaseweramo chaka chotsatira, akupotokola chiwongolero, mapazi ake atabwerera mwakale.

Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza nkhaniyi ngati nthabwala, ya bambo wakumudzi yemwe anachapa pepala mu mtsinje. Nditakula n'kuwerenga mabuku a injini omwe ena anataya, ndinadziwa kuti timadontho ta kuwala tija tinali ziboo, ndi kuti munthu yemwe anatsuka sefa Loweruka lililonse sakanalephera kuzizindikira. Ine ndinaona kuti yayera. Iwo anaona fumbi lomwe likalowere pamenepo, n'kutseka boneti.