Chitini cha a Bai

Senderani kuno ana inu, mafoniwo muyambe mwaika pansi, ndikuuzeni za a Bai, amene tinkayandikana nawo nyumba ku Evington chaka chimene mayi anu anandiitanitsa kudzakulerani iwo akakhala ku shifiti. M'dziko la azungu lino ndinali khanda ine, chitseko cha sitolo chikatseguka chokha ndinkabwerera m'mbuyo.

Ndikawakumbukira ndimamva fungo la lubani likulowa cha pampanda, ndi chifuwa chawo cha m'mawa pamene ankathirira tsabola wawo wa m'zidebe. Anali mmwenye wobadwira ku Limbe, nkhalamba yoferedwa mkazi, ndipo Chichewa chawo chinali chakale kuposa changa. Khumbo lawo linali limodzi: kukaona manda a mayi awo ku Limbe maso asanatsekeke. Ankati tikiti ya ndege ili m'chitini cha mabisiketi, ine n'kumangoti nthabwala za okalamba.

Atagonekedwa kuchipatala ndi chibayo anandisiyira kiyi kuti ndizisesako. Chitini chija ndinachipeza kunsi kwa masitepe. M'katimo munali makobidi ofiira a wani peni, okulungidwa m'mapepala ngati maswiti, mipukutu yambirimbiri. Itatu inali italowa chinyontho, makobidi akunsonga atada. Tsono ine amayi anga anandilera kuti mkazi sasiya chitsulo chakuda m'nyumba imene wasesa. Ndinang'amba mapepalawo, n'kutenga mandimu, mchere ndi sitiliwulo, kwechekweche masana onse mpaka makobidi aja waliwali. Ndinawayala pambale kuti eni ake akabwera asangalale.

Atabwera anayang'ana mbale ija nthawi yaitali, kenako anapempha madzi akumwa.

"Mayi," anatero atameza, "mtengo wake unali pepala lija mwataya m'bini."

Anandifotokozera kuti chaka ndi chaka ankakatenga makobidi atsopano kubanki osamasula, kuti zaka zina amapangidwa ochepa, ndipo alipo anthu osonkhanitsa makobidi amene amalipira bwino ngati chala sichinawakhudze. Ndinafuna nthaka indimeze. Koma sanandikalipire. Anandikhazika pansi n'kundigwiritsa mpukutu umodziumodzi, kuti ndidziwe kapindidwe ka makina kunsonga ndi mtundu wa pepala, poti zilembo sindizitha.

Nyengo yozizira itabweranso anagwa pamasitepe, kubwerera kuchipatala, ndipo panamveka zoti akatuluka apita kunyumba yosamalira okalamba. Kunabwera mwana wa mlongo wawo, Kirani wa ku Oadby, wa digiri, pagalimoto lalikulu, kudzachotsa katundu. Ndinamupeza atanyamula chitini, akuti akakhuthulire m'makina a kusitolo aja owerenga tchenji, chikhadabo chili kale papepala la mpukutu wina. Foni yake italira anachiika pansi. Ine ndinakonza chitenje changa n'kukhalapo.

Anandichonderera m'Chingerezi, anati anti, ndi timakobidi chabe iti. Anandionetsa wotchi. Anayesa Chichewa chake chothyokathyoka.

"Mwanawe," ndinamuuza, "ukang'amba pepala limodzi wang'amba tikiti ya amalume ako. Ine ndinang'amba kale atatu, akwana."

Ndinakhala pamenepo kuyambira mmawa mpaka mayi anu ataweruka masana, miyendo itachita dzanzi, mkombero wa chitini utandidinda. Anafika ndi yunifomu yawo ya unesi, n'kumumasulira zonse. Sabata yotsatira kunabwera mzungu wosonkhanitsa makobidi wa ku Derby, wa magolovesi oyera ndi kagalasi kapadiso. Mpukutu uliwonse ankautembenuza ngati dzira. Anga okwecha aja anawakankhira pambali ndi kachala, koma otsalawo anagula. Ndalama ya tikiti inaperewera pang'ono, mwina ndi mipukutu yanga itatu ija, ndipo Kirani anaonjezera yekha osapemphedwa.

A Bai anakwera ndege m'chilimwe, ndodo m'manja, Kirani atawanyamulira chikwama. Anakalambula pamanda ndi manja awo, anabwerako atandigulira chitenje ku Limbe, ndipo chaka chotsatira anatisiya ali kunyumba ya okalamba ija. Kirani anakwatira, ali ndi ana awiri, ndipo akandiona pasiteji ya basi amaima, amati agogo kwerani. Mayi anu mpaka lero akandiona ndi sitiliwulo amabisa masupuni. Ine ndi uyu mukumuonayu, dzina langa lomwe sinditha kulemba, koma munthu anakagwada pamanda a mayi ake chifukwa ndinakana kudzuka.