Kalabala kathu kakadali m'njira

Lolemba lapitali m'mudzi mwathu munalowa lole. Inu a m'tauni musaseke. Masiku ano a korona, lole ikakhota pa Songani n'kutsata kamsewu kathu kafumbi, imeneyo ndi nkhani.

Inatsitsa ndowa. Zobiriwira, zatsopano, iliyonse ndi kampopi kake kumunsi, dzina la bungwe lopereka litalembedwa m'mbali ndi zilembo zoti ungawerenge uli kutsidya kwa mtsinje wa Domasi. Panalinso makatoni a sopo. Bwana amene anabwera nazo, masiki ili pachibwano, anatiphunzitsa kusamba m'manja: kutsogolo, kumbuyo, pakati pa zala. Anasamba ndi madzi a m'botolo amene anabwera nawo m'galimoto. Tinaomba m'manja, anatijambula, n'kumapita.

Palibe amene anamuuza kuti mjigo umene anautsamira pojambulitsa uja unasiya kutulutsa madzi miyezi iwiri yapitayo. Mlendo sauzidwa zoterezi, angakhumudwe. Komanso woyenera kuyankhula anali mlembi wa komiti ya mjigo, ndipo mlembiyo ankaomba m'manja kuposa onse.

Mlembiyo ndine.

Mwina mukuganiza kuti chinawonongeka ndi chinthu chachikulu. Ayi ndithu. Pansi penipeni pa mapaipi a mjigo pamakhala kalabala kozungulira ngati mphete, kosaposa chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Ndi kamene kamakoka madzi. Kakatha, mumapopa mpaka thukuta, n'kumangotulutsa mphepo. Kathu kanatha.

Kale zikatero, a Makwinja, mekaniki wathu wa mijigo, ankangokwera minibasi m'mawa, masana abwera nako kuchokera ku Zomba. Ulendo uno anabwerako chimanjamanja.

"Aphunzitsi, ku Zomba kulibe. Akuti tifunse ku Limbe."

Sabata yotsatira: "Ku Limbe akuti kontena yake ili ku Beira, koma sitima sinakocheze. Ogwira ntchito padoko ambiri ali kunyumba."

Sabata inayo: "Akuti lole inanyamuka, koma dalaivala wapezeka ndi korona pa boda, amutsekera."

Kenako nkhani inabwereranso m'mbuyo, akuti kontena ija sinatsike n'komwe m'sitima. Ine ndinaphunzitsa jogalafe ku pulaimale mpaka kupuma pantchito, koma sindinalidziwepo dziko ngati mmene ndalidziwira miyezi iwiriyi. Kalabala kamodzi kandiyendetsa ku India, panyanja, ku Mozambique, ndili khale pakhonde panga.

Tsono funso limene landisowetsa mtendere sabata yonse ndi ili. Msewu umene wakanika kudutsa kalabala kolowa m'thumba la malaya, ndowa zodzaza lole zadutsamo bwanji? Sitima yake ndi ina? Boda yake ndi ina? Kapena madalaivala onyamula ndowa korona amawapatsa ulemu?

Ndaganizaganiza, ndipo yankho langa ndi lakuti ndowa imajambulika. Ili ndi mimba yaikulu yolembapo dzina, bwana angathe kuigwira chogwirira uku akumwetulira. Kalabala ukalemba pati? Kakangofika kamalowa pansi panthaka, osaonekanso. Ndani angawotche mafuta a galimoto kuchokera mumzinda kudzajambulitsa ndi chinthu chimene chikupita kukakwiriridwa? Mukaona bwino, katundu amene wayenda mwaufulu pa mliri uno ndi yemwe ali ndi malo olembapo: matisheti, zipewa, zikwangwani, makalendala. Ife pano tili ndi chikwangwani chachikulu chonena kuti tizisamba m'manja pafupipafupi. Anachikhoma pa mpanda wa mjigo womwewo.

Zikanathera pamenepa, bwenzi ndikutseka nkhani ino ndili woyera, nditawakwapula mabwana n'kukamwa tiyi. Koma akazi anga amawerenga tsamba lino, ndipo andiuza kuti ndikapanda kulemba zinazo, alemba okha.

Masabata atatu apitawo kunyumba kwanga kunabwera Che Amidu. Anthu odutsa pa Songani mumawadziwa, ndi bambo aja amasoka nsapato pansi pa mtengo ndi kudula nkhwaira kuchokera ku matayala akale. Anapeza komiti yonse ili pakhonde.

"Aphunzitsi," anatero, "tandipatsani kalabala kakuthako ndikakaone. Ine tayala ndimalidziwa, ndingathe kudula kofanana nako."

Anali ndi chifukwa chake. Mlongo wawo, Abiti Saidi, ndi oyandikana nafe nyumba. Ndi mayi wachikulire, ndipo amuna awo akhala chigonere ndi chifuwa kuyambira mwezi watha. Masiku ano munthu akangotsokomola kawiri, abale amamupatsa moni ataima kumsewu. Ana awo ali ku Joni, alibe njira yobwerera. Ndiye madzi akumwa, ophikira, ochapira zofunda za wodwala, onse Abiti ankatunga okha kumtsinje, katatu patsiku, ndi chisanu cha Julaye chino.

Ine ndinayankha bwanji? Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa kabuku. Mukudziwa, a komiti tinapitako ku maphunziro, masiku atatu ku Liwonde, ndi chakudya chamasana, ndi satifiketi. Kumeneko anatiuza mobwerezabwereza kuti mu mjigo muziikidwa zipangizo zovomerezeka zokha. Ndinawerenga ndimeyo mokweza, ndi mawu a m'kalasi, kenako n'kuwonjezera anga.

"Che Amidu, mjigo si patapata."

Komiti inaseka. Nanenso ndinaseka, ndinaona ngati ndayankhula mwanzeru. Ndinawonjezeranso mwambi, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Che Amidu sanakwiye. Anangodzuka, kukonza kofiya yawo, n'kunena kuti, "Chabwino aphunzitsi, tidikire ka ku India."

Abale anga, tinafika pamenepa liti? Ife tinakula tikumata ndowa zobooka, tikusoka mbale zosweka, tikuyika udzu m'tayala la njinga chubu chikaphulika. Panalibe chotayidwa. Lero tangolowa m'holo masiku atatu, tatuluka tikuopa manja athu omwe. Munthu wa luso ali pamtunda wongoyenda wapansi, ife maso ali kunyanja imene sitinaionepo. Sindikunena kuti malamulo a m'kabuku ndi opusa ayi. Amene analemba ankadziwa kuti m'sitolo kalabala kalipo. Sanalembere nthawi imene dziko lonse latseka zitseko, ndipo kuzindikira zimenezo inali ntchito ya ine wowerenga.

Lachitatu m'mawa, ndowa zathu zatsopano zili ndii pakhonde lililonse zopanda dontho, Abiti Saidi anaterereka pamwala wa ndere potuluka kumtsinje, chidebe chili pamutu. Anagwera dzanja lamanja. Anawapeza ndi amayi ena amene ankapita kukachapa, ndipo kuchipatala anabwerako ndi pulasitala kuyambira m'zala mpaka m'chigongono.

Akazi anga ndi amene anabwera ndi uthengawo. Sanakweze mawu. Anangoyang'ana pakhoma pamene ndinapachika satifiketi ija n'kunena kuti, "Itsitseni imeneyo ikawatungire madzi."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Lachinayi ndinapalasa njinga mpaka pa Songani, kalabala kakutha kali m'thumba. Ndinakonzekera mawu ambiri opepesa, koma Che Amidu sanandipatse mpata. Anakalandira, kukatembenuza kawiri, kukapinda ndi zala, n'kuyamba kufufuza mu mulu wa zidutswa za matayala. Anadula koyamba, anakataya. Kachiwiri anati kakula. Kachitatu anakapala ndi mpeni, n'kukakwecha pamwala mpaka kusalala. Ndinakhala pabenchi la makasitomala pakati pa nsapato zong'ambika. Sipanathe maola awiri.

"Kameneka sikakhalitsa ngati ka azungu," anatero pondipatsa. "Mwina miyezi iwiri, mwina itatu. Kakatha mubwerenso, matayala sanatsekeredwe pa boda."

Lachisanu a Makwinja anazula ndodo za mjigo mothandizidwa ndi azibambo a m'mudzi. Ankangong'ung'udza kuti zikavuta dzina loipa likhala lawo. Atabwezeretsa zonse, ndinagwira chopopera ndine. Kasanu, mphepo. Kakhumi, mphepo. Ndinayamba kale kukonza m'mutu zoti ndidzanene kuti ndinanena ine. Kenako paipi inakhosomola, inalavula dzimbiri, madzi n'kuyamba kukhuthuka. Amayi analulutira. Ndowa zobiriwira zija zinaona madzi koyamba chichokereni kufakitale.

Ndowa yoyamba ndinanyamula ndekha kupita nayo kwa Abiti. Mwamuna wamkulu, mphunzitsi wopuma, mlembi wa komiti, madzi akutayikira m'thalauza njira yonse. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, dzanja lili m'nsalu yomangirira m'khosi. M'nyumba munkamveka chifuwa cha amuna awo.

"Odi, amayi. Ndabwera ndi madzi a pa mjigo."

"Ikani pamenepo, aphunzitsi. Zikomo." Anayang'ana ndowayo, kenako ine. "Ndiye kafika kalabala kanu ka ku India?"

"Ayi amayi, aka kachokera pa Songani. Adula ndi achimwene anu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita pulasitala ndi dzanja lamanzere.

"Pa Songani," anatero. "Koma ndiye n'kutali. Miyezi iwiri."

Mjigo ukutuluka madzi, koma Abiti sangapope, sangasenze, sangafinye nsalu mpaka pulasitala adzachoke. Ine ndi akazi anga tikusinthana kuwatungira m'mawa ndi madzulo. Anthu akuti ndine wachifundo, ndipo ndikamva zimenezo ndimayang'ana pansi.

Dzulo a Makwinja anaimba foni. Akuti nkhani yabwino, kontena ija tsopano yatsikadi m'sitima, kalabala kovomerezeka kali m'njira. Kadzafika ndithu, ndipo tidzakalandira ndi manja awiri, mwina tidzajambulitsa nako.

Koma inu amene mukuwerenga muli pakhonde panu, kabuku kali pamwendo, mukudikira sitima: amene akukutungirani madzi kumtsinje pamene mukudikirapo ndi ndani, ndipo mwamuonako dzanja lake?