Mbuzi yanga pachikamwini

Pachikamwini kwa Malemia ndinalibe changa china koma mbuzi imodzi yaikazi imene ndinachoka nayo kwathu ku Naisi. Munda wa eni, nyumba pamalo pa eni, ngakhale ana anga ankati mwini wake ndi malume awo. Mbuzi yokhayo ndiyo ndinkaitchula kuti yanga popanda wonditsutsa.

Chaka china, dziko litangolandira ufulu, mvula yoyamba itagwa, mbuzi ija inadula chingwe n'kukadya msipu wanthete wonyowa. Ndinaipeza masana itasiya kubzikula, ikupuma movutikira, mimba itatupa kumanzere. Nditagogoda ndi chala inalira ngati ng'oma. Matendawa ndinkawadziwa, bambo anga ankaweta. Umaimwetsa mafuta ophikira, n'kuimika miyendo yakutsogolo pachulu, n'kumaisisita mpaka igeye.

Koma mafuta pakhomo ponsepo anali m'botolo limodzi, m'nyumba ya apongozi anga aakazi. Mkamwini salowa m'menemo, sayang'anana nawo, salankhula nawo. Mkazi wanga, amene akanandinenera, anali atapita ndi mwana kuchipatala ku Malosa.

Apongozi anali pakhonde akusenda chinangwa. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe, ndinatsokomola, kenako n'kuyamba kulankhula ndi mbuzi mokweza.

"Iwe mbuzi, ukanapeza timafuta pang'ono ukanachira."

Kenako ndinawamva akuuza nkhuku zawo.

"Inu nkhuku, mafuta aja ndi a alendo a ubatizo. Mbuzi zayamba liti kudya zokazinga?"

Ndinapsa mtima. Chitseko chinali chotsegula, botolo ndikuliona ndi maso angawa. Koma ndikanangoponda pakhomo paja, m'mawa mwake akanandikulungira mphasa yanga n'kundilozera njira ya ku Naisi, ana n'kutsala. Ndinabwerera kwa mbuzi yanga.

Ndinaikokera pachulu, ndinaisisita mpaka manja kuchita dzanzi, osageya ayi. Itagwa, lilime lili panja, amalume a mkazi wanga anatulukira ndi mpeni. Anati tiizinge isanafe yokha, nyama ingawonongeke. Wogwira miyendo ndinali ine ndemwe.

Nyama anaigawa nyumba zonse. Gawo langa linachokera kwa apongozi dzuwa lisanalowe, m'mbale yovundikira bwinobwino, mwaulemu wonse woyenera mkamwini. Nditavundukula ndinapeza chiwindi, atachikazinga ndi mafuta omwe aja.